Chofiira cha Pansi pa Kabureta

Lachisanu, 6 Sepitembala

Mvula kuyambira m'mawa. Mpunga ndi mphodza zadzulo. Denga la kukhitchini likudonthanso pomwe paja.

Mwana wanga Tumpa waimba foni kuchokera ku Pune. Nkhani yomwe ija. Akuti chipinda changa chakonzedwa kale, mwamuna wake wagula matiresi olimba chifukwa cha msana wangawu. Nyumba yosanja, pamwamba penipeni, kofika nkhunda zokha. Ndamuuza kuti sindingachoke kuno ku Kharagpur, Lamlungu lililonse ndimakhala kubwalo ndi ndege yanga. Kenako anati, "Baba, ndegeyo sinaulukepo chimwalirire Ma. Ndikubwera pa 21. Ndikaiona ikuuluka ndi maso angawa, ndikusiyani mukhale. Ikakana, matikiti obwerera ndagula awiri." Mawu a mayi ake enieni. Mpaka kapumidwe.

Ndavomera. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Munthu wa imvi, wokalambira m'mashedi okonzera sitima, kuika nyumba ya bambo ake pa mapiko a chidole.

Ilishi, ndege yanga ya rimotiyo, ndaitsitsa pamwamba pa kabati. Dzinali anaipatsa ndi amake Tumpa. Ankati ifanana ndi nsomba ya ilishi: yoyera kumimba, yokwera mtengo, ndipo ukaigwira molakwika imabaya. Mapiko aatali kuposa chitseko. Fumbi lokhalokha. Mavu amanga kanyumba kumchira. Petulo wa mu Febuluwale wauma m'kabureta ngati phula.

Kaburetayo mawa ndiichotse.

Loweruka, 7 Sepitembala

Ndaichotsa. Mabawuti awiri aatali. Zonse ndaziyala pa nyuzipepala mwa ndondomeko yake kuti ndisasokoneze: injini, gasiketi, kathabwa kakuda ka pulasitiki kotchinga kutentha, gasiketi ina, kenako kabureta. Pali kabowo ngati ka singano kodutsa mu zonsezi. Ndi mmene injini imakankhira mpweya kuti kabureta ikoke petulo. Kabowo kameneka kakapanda kulunjikana, pukusa pulopela mpaka ukalambe.

Pa kathabwa kakudako panali nkhanambo yofiira, yolimba gwa ngati simenti. Sinduru wa amake Tumpa, uja amapaka akazi okwatiwa mwamuna akadali moyo. Chaka chilichonse pa tsiku la Bishwakarma, mulungu wa zipangizo, anthu akamadalitsa zipangizo zawo, ankatapa ufa wofiira womwe uja wopaka mu mzere wa tsitsi lawo, n'kusakaniza ndi mafuta a mpiru, n'kupaka pamenepa. Anthu ena onse amapaka pamphumi pa makina, poonekera. Iwo ayi. Kunsi, kumbuyo, kochita kugwada, uku akukanikiza ndi chala. Ndinafunsapo kamodzi. Anati, "Inu ziulutsani. Za milungu ndisiyireni."

Ndapala zonse ndi mswachi wakale ndi petulo. Kathabwa kang'anima ngati ka m'sitolo. Ndinakondwa ndithu. Ntchito yoyera.

Kenako ndinaona madzi ofiira akutsetsereka mu ngalande kupita kumsewu. Ndinakhala pakhonde. Tiyi anazizira m'kapu.

Lolemba, 9 Sepitembala

Ntchito iyi imafuna manja atatu. Limodzi kugwira kabureta, lina kugwira kathabwa ndi magasiketi kuti zisatembenuke, lachitatu kulowetsa bawuti. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ndi atatu. Ndinkangoti, "Gwirani apa," ndipo pankagwiridwa.

Zala zawo zinali zowonda. Ndi iwo ankayambitsa mabawuti, ine n'kumangitsa ndi sikuludiraiva, n'kunena kuti ndamanga. Kubwalo ankaima ataphatika mchira wa ndege pakati pa akakolo, ambulera m'dzanja, nsalu yawo ya sari ikuuluka ndi mphepo ya pulopela. Akaona kuti ndachedwetsa ankati, "Mukumva? Nsomba ikudikira." Dzina langa sanalitchulepo moyo wawo wonse. Mukumva, basi.

Lero dzanja lachitatu linali chibwano. Kawashala kanadumpha n'kusowa. Ndinasesa m'chipinda monse, pansi pa kabati, m'nsapato. Ndakapeza madzulo mu mpunga, ndi dzino. Kanagwera m'chitini.

Dzino likugwedezeka pang'ono. Kawashala kali bwinobwino, kaphikidwa chabe.

Kabureta yamangidwa.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Dzuwa latuluka. Boudi, mkazi wa malemu akulu anga, anatsika kuchokera kuchipinda chawo cha pamwamba n'kuyanika tsabola wouma pa bedi la zingwe pabwalo. Ine wogwira mchira ndinalibe. Mtengo wa gwafa uli patali. Ndinamangirira mchira ku mwendo wa bedilo. Ndinati ndingoimva kulira pang'onopang'ono.

Chala pakamwa pa kabureta, kupukusa kuti petulo akwere. Kandodo ka moto pa rimoti kali pansi penipeni. Kupukusa kachitatu inalira.

Osati pang'onopang'ono.

Kabureta ndinaimanga chozondoka. Pansi pasanduka pamwamba. Ilishi inanyamuka ndi moto wonse, bedi likutsatira pambuyo ngati mkwatibwi, kudutsa bwalo lonse mpaka pa mpopi. Tsabola balala. Mphepo ya pulopela inamupera n'kumumwaza m'mwamba. Ndiye injini inangozima yokha, zii.

Msewu wonse kuyetsemula. Wosita zovala pakona, mbuzi yake, ana a sukulu, wapositi. Boudi anatsika maso ali psuu, nsalu pamphuno. Anati, "Bibhu, ndinalowa m'nyumba muno iwe uli ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Chasintha ndi kabudula yekha."

Ndalonjeza tsabola wina.

Misozi yatuluka yambiri lero. Palibe anafunsa chifukwa. Aliyense anali nayo.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Ndamasula, ndatembenuza, ndamanganso. Tsopano pansi ndi pansi. Mchira ku mtengo wa gwafa ndi chingwe choyanikira zovala.

Imalira, imathamanga ngati yaona mzukwa, n'kuzima. Nthawi zonse chimodzimodzi. Imangodya petulo amene ndaikokera ndi chala, ikamaliza basi.

Pulagi ndasintha. Paipi ya petulo ndapemereramo, ilibe kanthu. Magasiketi atsopano ndadula pa katoni ya maswiti, kabowo ndaboola ndi singano, kalunjika bwino. Timasikuluwu tiwiri ta petulo ndatibwezera mmene tinalili. Ndamasulanso. Ndamanganso. Chibwano chatupa.

Tumpa watumiza chithunzi cha chipinda. Makatani obiriwira. Pa windo pali ukonde wotchinga nkhunda.



Lamlungu, 15 Sepitembala

Kubwalo koyamba chichitikire maliro aja. Simenti yakale ya ndege za nkhondo, udzu m'ming'alu, njati zoweta kumapeto. Zonse mmene zinalili. Sindinayembekeze kuti zikhala mmene zinalili.

A Rozario anandiona ndili patali, anavula chipewa. Dalaivala wa sitima wopuma, Mkhristu, khutu limodzi linafa ndi mluzu wa injini. Sananene za maliro. Anangoti, "Samanta-babu, mwaonda ngati sipoko," n'kuphatika mchira pakati pa miyendo.

Anaima molakwika. Kumbuyo kwambiri. Sindinawauze.

Ndapukusa mpaka phewa kufa. Kulira, kuthamanga, zii. Kulira, kuthamanga, zii. Anzathu anabwera kudzazungulira, aliyense ndi matenda ake. Wina akuti petulo wa masiku ano ndi madzi. Wina akuti batire. Wina akuti ndigule yamagetsi ngati anthu onse. A Rozario anadikira onse achoke, ndiye anakuwa, poti iwo kunong'ona ndi kukuwa n'chimodzimodzi: "Injiniyi ili pa chisoni. Za sitima zinkatero akasintha wothira malasha. Mwezi wathunthu kutsokomola."

Ndati injini ilibe mtima. Anati, "Mwati chiyani?" Ndinangozisiya.

Pali mwala pamene amake Tumpa ankaika fulasiki ya tiyi. Lero panali buluzi.

Latsala Lamlungu limodzi. Ndi lomwelo.

Lolemba, 16 Sepitembala

Boudi agamula mlandu. Akuti injini siingalire chifukwa ndinaipukuta dalitso, ndipo mawa ndi tsiku la Bishwakarma, ipakidwenso. Ndinadabwa. Ndimayesa ali mbali ya Tumpa. Anati, "Ukapita ku Pune ine ndizikalipira ndani? Khoma?"

Koma pali vuto. Tili m'chaka cha maliro. Nyumba ino siipereka nsembe mpaka chaka chithe. Ndiye funso: kodi ndege nayo ili pa maliro?

Tinapita tonse atatu, ine, Boudi ndi a Rozario, kwa wansembe amene akukonza chisakasa cha nsembe cha a marikisho, oyendetsa njinga zonyamula anthu, pamphambano. Anamvetsera atatseka maso. Anafunsa ngati ndegeyo imagona m'nyumba. Imagona. Anafunsa ngati imadya za m'nyumba. Boudi anati imadya penshoni. Anafunsa ngati malemu ankaikhudza. Boudi anati ankaikhudza. Wansembe anati ndiye kuti ndi ya pabanja, ili pa maliro ngati ife tomwe, siingayandikire nsembe.

A Rozario atafotokozeredwa kukhutu labwino anaganiza pang'ono. Anati, "Nanga itakhala ya Mkhristu?" Wansembe anakanda chibwano. Anati makina a Mkhristu alibe maliro athu, ndipo mulungu wa zipangizo sasankha, chaka chatha anadalitsa makina osokera a Msilamu.

Ndagulitsa Ilishi kwa a Rozario. Mtengo: kapu ya tiyi pa kantini ya pamphambano, wansembe ali mboni. Ndamwa. Shuga wambiri.

Anabwera kudzaitenga masana. Pamwamba pa kabati pali mbee. Ndikudziwa kuti ndi zamasewera. Komabe ndayang'anapo kangapo.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Makaiti kumwamba konse. Zokuzira mawu kuyambira mbandakucha.

Ilishi inapita pa rikisho, mapiko atatulukira uku ndi uku, a Rozario atavala tayi, ataikumbatira ngati mwana wopita ku ubatizo. Basi inachita kuima kuti idutse. Ine pambuyo patali, wa maliro, ngati munthu wongodutsa.

Ndinaima kutsidya kwa msewu pafupi ndi wogulitsa nkhaka. M'chisakasa mulungu ali pa njovu yake, nyundo m'dzanja. Pamzere marikisho ovala nkhata za maluwa, makina osokera, malumo a wometa, chigayo cha zokometsera, makina a fotokope a mnyamata wa pa khoti. Pamapeto Ilishi, nkhata pa pulopela.

Wansembe anafunsa mfunda wa mwini makina, monga amachitira. A Rozario anati, "Njanji." Wansembe anautchula momwemo m'pemphero, osaphethira.

Anatapa sinduru wa mafuta kuti apake pamphuno. Boudi anamugwira mkono. Ndinawamva ndili kutsidya: "Osati apo. Mng'ono wanga ankapaka kunsi uku. Gwadani." Wansembe, munthu wamimba, anagwada. Anasuzumira. Boudi anamulondolera chala mpaka pa kathabwa kakuda. Anapaka zambiri, mwina kuti asamugwaditsenso.

Lero makina sagwira ntchito, amapuma. Kuyesa ndi mawa.

Ndaigulanso madzulo. A Rozario akuti mtengo wakwera poti tsopano ndi yodalitsika. Tiyi ndi bisiketi. Ndalipira.

Boudi anabwera ndi mpunga wa kunsembe m'tsamba. Akuti wa maliro saloledwa kupereka, koma kudya palibe analetsa.

Lachitatu, 18 Sepitembala

Yalira.

Kupukusa kachiwiri. Inagwira, inakhazikika, pang'onopang'ono, mokoma, ngati mphaka wokhuta. Kandodo m'mwamba, moto. Kandodo pansi, phee, koma osazima. Gwafa anagwedezeka mpaka zipatso zinagwa.

Boudi anathamangira m'mwamba kukatenga chigoba cha nkhono n'kuyamba kuliza pakhonde, kuiwala kuti tili pa maliro. A marikisho anadzaza pageti. Wina anagwira phiko n'kudzigwira pamphumi. Wina akuti mawa abwera ndi mlamu wake amene ali ndi pampu yovuta.

Ine ndinagona chafufumimba pansi kuti ndione ngati mabawuti sakumasuka. Magalasi awiri, owerengera pamwamba pa oyendera. Ndipo ndinaona. Pa kathabwa kakuda, kunsi, chofiira cha wansembe chikuyenda. Kaulusi kofiira kakulowa mkati, kuyamwidwa pang'onopang'ono. Pamene kanalowa panatsala mzere wowonda ngati tsitsi.

Mng'alu. Kathabwa n'kong'aluka, kuchokera m'mphepete mpaka pa kabowo kaja. Mpweya umathawira pamenepo, kabureta n'kulephera kukoka petulo.

Chofiira chitatha, injini inathamanga n'kuzima. A marikisho anati mulungu wapereka chizindikiro chabe, zotsala ndi chikhulupiriro. Anabalalika.

Ndinagonabe pansipo. Mng'aluwo si watsopano. M'kati mwake ndi mwakuda, mwa zaka. Ndipo uli ndendende pamene pankakhala nkhanambo ija. Osati pambali. Pomwepo.

Ankadziwa? Kapena chala chinangogwera pamenepo chaka choyamba, n'kuzolowera?

Ndafunsa a Rozario pa foni. Anakuwa kuti, "Ankadziwa. Akazi amaona pansi pa zinthu, ife timaona kumwamba." Ndafunsa Boudi. Anati, "Ankadziwa kuti mulungu amafuna pamenepo. Iwe ukufunanso chiyani?"

Woti ndimufunse weniweni palibe.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Kathabwa katsopano kulibe. Wa sitolo ku Kolkata anaseka pa foni, akuti opanga injini imeneyi anatseka kalekale. Kusema kena kukufuna makina amene ndilibe, ndipo wa makinawo wapita kumudzi mpaka mwezi wamawa.

Silikoni: petulo wamusungunula, wasanduka mamina.

Sinduru wa kumsika, mapaketi amitundu itatu. Wogulitsa anandiyang'ana, anayang'ana malaya anga oyera a maliro, anati, "Dadu, agogo anga, mwapeza kale mkazi wina?" Ndasakaniza ndi mafuta a mpiru, ndapaka. Wopepuka ngati ufa wa tirigu. Injini imamumeza nthawi yomweyo, ngati wa wansembe uja.

Boudi anatapa pang'ono n'kufikisa pakati pa zala. Iwo anasiya kupaka chimwalirire akulu anga, koma zala zikukumbukira. Anati, "Uwu ndi utoto chabe. Wa mng'ono wanga unali wakale uja, wolemera, wochokera kwa mayi ake. Ukauthira mafuta umauma ngati mwala. Masiku ano sagulitsa, akuti ndi poizoni." Kenako anayang'ana kuchipinda. Ine ndinayang'ana gwafa.

Ndamata ndi guluu wosakaniza mitundu iwiri. Agone mpaka mawa.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Guluu wasupuka ngati mamba a nsomba. Pulasitikiyo inamwa mafuta zaka zambiri, siigwira kanthu.

Kabokosi ka sinduru ka amake Tumpa kali pomwe anakasiya, pansi pa galasi, pambali pa chipeso. Kamkuwa, kozungulira, kokwana m'chikhatho. Sindinakagwirepo kuyambira tsiku lija, pamene akazi a mumsewu muno anawapaka mutu wonse kuti apite ngati mkwatibwi, n'kumati ali ndi mwayi, atsogola mwamuna ali moyo. Mwayi.

Ndatsegula.

Watsala pang'ono, pansi penipeni, wogwirana. Pakati pake kadzenje. Chala chawo. Chakumanja, chachitatu kuchokera ku chachikulu. Ndi magalasi awiri ndaona mpaka timizere ta khungu, tozungulira, ndi kachipsera ka mpeni wa nsomba kodutsa pakati.

Zovala ndinapereka. Mankhwala ndinataya. Pilo anachapa Boudi ndisanawaletse. Zithunzi zilipo, koma pa zithunzi amaima chilili ngati munthu wina. Apa ndi pokhapo pamene patsala iwo akuchita kanthu.

Wotsalayo angakwane pa mng'alu. Koma wonse, osasiyako.

Ndinayesa kutapa m'mphepete ndi kamtengo ka machesi. Kachidutswa kanagumuka n'kugubuduzikira m'kadzenjemo. Ndinakachotsa ndi nsonga ya singano. Ndatseka.

Ndatsitsa sutikesi. Zipi yachita dzimbiri. Ndayeza phiko la Ilishi ndi chingwe: m'sitima silingalowe, ndipo ku Pune likagona kuti?

Boudi anaona sutikesi. Sanakalipe. Mbale anaziika mokweza kuposa masiku onse, basi.

Loweruka, 21 Sepitembala

Tumpa wafika ndi sitima ya m'mawa. Waonda. Foni ziwiri. Anandigwira mapazi pondipatsa ulemu, anayang'ana denga lodontha, anayang'ana sutikesi pakona. Anati asambe kaye.

Ndinali pabwalo ndi injini pa nyuzipepala, ndikungoiyang'ana. Ndinamva chitseko cha kuchipinda. Kenako chipeso. Kenako kaphokoso kena kakang'ono, ka mkuwa, kamene ndakamva m'mawa uliwonse kwa theka la moyo wanga.

Sindinathamange.

Anatuluka tsitsi lili lonyowa, mzere wofiira pakati. Iye amene ku Pune sapaka, akuti kuofesi amaseka. Chala chili psuu. Anati, "Ndapaka wa Ma. Watsala pang'ono zedi. Simukwiya eti, Baba?"

Ndinati sindikwiya.

Ndinalowa, ndinatsegula. Kadzenje kalipo, koma n'kena. Kotakata, kakuya, kopendekera kumanzere. Kachipsera kulibe.

Ndinaima pamenepo. Kunja wogulitsa nsomba akukuwa. Ndinadikira kuti chinachake chigwe. Palibe chinagwa. Galasi, chipeso, kabati, zonse zili chilili.

Ndinatuluka nako kabokosi, ndi botolo la mafuta a mpiru, ndi supuni. Ndinamuonetsa mng'alu. Ndinamuuza zonse, za tsabola, za wansembe, za tiyi ndi bisiketi. Anaseka mpaka anakhala pansi. Ndinamuuzanso kuti akapaka apa ndiye kuti waluza yekha. Anasiya kuseka. Anayang'ana sutikesi kudzera pakhomo, nthawi yaitali.

Anati, "Bweretsani. Zala zanuzo ndi nthochi."

Anakokota wonse ndi supuni, anadonthezera mafuta, anakanda pa chivundikiro. Anagwada osauzidwa. Sindinamulozere malo. Anati ali wamng'ono ndi iye ankagwira botolo la mafuta. Anakanikiza mpaka chikhadabo chinayera.

Ndinafunsa ngati mayi ake ankadziwa za mng'aluwo. Anati, "Kaya. Koma akanadziwa sakanakuuzani. Mukanaphwasula injini yonse, nsomba n'kuzizira."

Mabawuti anayambitsa ndi iye. Ine ndinamangitsa. Taiika padzuwa.

Lamlungu, 22 Sepitembala

Mitambo, koma mvula ayi. Mphepo yochokera kummwera, yochepa.

Boudi nawo anabwera, koyamba m'moyo wawo, pa rikisho, atanyamula phiko limodzi ngati mbendera. A Rozario anapita kumchira. Tumpa anati, "Amalume, pepani, apo ndi panga." Anavula nsapato zazitali, anaphatika mchira pakati pa akakolo. Patsogolo pang'ono, pamene payenera. Palibe anamuphunzitsa.

Chala pakamwa pa kabureta. Kupukusa. Kutsokomola. Kupukusa. Yagwira.

Ndinagwada kusuzumira. Chofiira chili phee, sichikuyenda.

Ndinagwedeza mutu, Tumpa anasiya mchira. Ilishi inathamanga mokhota, inadumpha mng'alu wa simenti, inadumphanso, n'kukwera. Zala zanga zazikulu zauma miyezi yonseyi, ndege inkapendama ngati woledzera. Koma inali kumwamba. Yoyera kumimba. Ndinaizungulitsa pamwamba pa minda ya mpunga, kubwerera, kuzunguliranso. Panthawi ina sindinkaiona bwino. Mphepo m'maso.

A Rozario ankakuwa malangizo amene palibe anawapempha. Boudi anadziphimba kumutu, akuti iwagwera.

Potera, njati inali itagona pakati pa simenti, ikubzikula. Tinakuwa tonse. Inatiyang'ana. Petulo akutha. Ndinakhotetsa n'kuiteretsa m'munda wa mpunga. Madzi phwaa. Tayala limodzi lathyoka. Mwini munda anabwera ndi khasu, a Rozario anamuuza kuti ndegeyi inadalitsidwa Lachiwiri, mpunga wake ubereka kawiri. Mwini mundayo anapempha kuti tiiteretsenso mbali inayo.

Tumpa analowa m'matope mpaka m'mawondo kukaitenga. Anatuluka ataisenza pamutu. Anati, "Yatera ngati bakha. Koma yauluka."

Ndinadikira mawu ena. Anangoti, "Dengalo mukonzetse."

Lachiwiri, 24 Sepitembala

Ndamuperekeza ku siteshoni. Tikiti imodzi wabweza. M'mphepete mwa chikhadabo mukadali mofiira, akuti sopo wakanika.

Sutikesi yabwerera pamwamba. Boudi aphika mutu wa nsomba ndipo andikalipira kawiri, za tsabola ndi za matope pakhonde. A Rozario akuti Lamlungu mchira agwira ndi iwo, ndipo abwera ndi ambulera. Ndati sikofunika. Sanamve.

Tayala ndimata mawa.

Amake Tumpa ankapaka chaka chilichonse. Ndiye kuti chimagwira chaka chimodzi. Sinduru wina wakale wotere kulibe, kumsika kapena kulikonse. Tumpa sindinamuuze. Mwina wawerengera yekha, ndi mwana wa mayi ake.

Sitima itayamba kuyenda ndinamufunsa pa windo ngati ku Pune kuli bwalo lopanda mitengo. Anaika dzanja kukhutu. Ndinangomubayibitsa.

Kabokosi ndakabwezera pansi pa galasi. Sindinakatsuke.